Gofu m'Nkhalango ya Paini ya ku Colorado

Mu Ogasiti 2024, akatswiri 50 a masewera a gofu anasonkhana pa bwalo la Castle Pines, m'chigawo cha Colorado ku America, kudzalimbirana chikho cha BMW Championship. Sabata imeneyo nkhani inali m'kamwam'kamwa inali ya kutalika kwa bwalolo. Maenje ake 18 akaphatikizidwa ankakwana mayadi 8,130, omwe ndi makilomita pafupifupi 7.4, ndipo chiyambire mipikisano ya akatswiri ya PGA Tour kunali kusanaseweredwepo pa bwalo lalitali chotero. Munthu wongomva nambalayi angaganize kuti osewerawo anafika akuopa mtunda. Komatu mtunda sunali vuto lawo. Chowavuta chinali chakuti pamalo amenewa mpira suuluka monga umaulukira kwina konse kumene anazolowera.

Castle Pines ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 40 kum'mwera kwa mzinda wa Denver, pa zitunda za m'mphepete mwa mapiri a Rocky, pafupi ndi tawuni ya Castle Rock. Malowa ndi okwera mamita pafupifupi 1,900 kuchokera pamene pamalekezera nyanja yamchere, kutanthauza kuti wosewera pamenepa ali m'mwamba mofanana ndi munthu amene ali pamwamba pa phiri la Zomba. Ndi bwalo la eniake, lolowa mamembala ndi alendo awo okha, ndipo linatemedwa m'kati mwa nkhalango ya mitengo ya paini yomera yokha.

Kwa amene sanagwirepo ndodo ya gofu, masewerawa savuta kufotokoza. Wosewera amayambira pa malo otchedwa tee, n'kumenya mpira motsata mpita wa udzu wometedwa bwino wotchedwa fairway, mpaka kukafika pa green, pamene udzu ndi wosalala kwambiri ndipo pali dzenje lotambalala mamilimita 108 lokhala ndi mbendera. Dzenje lililonse lili ndi par yake, yomwe ndi nambala ya maulendo amene katswiri amayembekezeka kumenya mpira kuti ulowe: 3, 4 kapena 5. Wopambana ndi amene wamaliza maenje onse atamenya maulendo ochepa. M'chikwama amaloledwa kunyamula ndodo zosapitirira 14, ndipo iliyonse ili ndi nkhope yopendekeka mosiyana ndi inzake, kotero kuti iliyonse imafikitsa mpira pa mtunda wakewake.

Apa m'pamene pagona nkhani yonse. Chuma chenicheni cha wosewera wabwino si mphamvu za m'manja ayi, koma kudziwa bwino lomwe pamene ndodo iliyonse imagwetsera mpira. Katswiri amadziwa mtunda wa ndodo yake ya 7-iron osaphonya ndi mayadi oposa awiri kapena atatu, ndipo nzeru imeneyi amaisonkhanitsa kwa zaka zambiri, tsiku ndi tsiku, mpaka imakhazikika m'thupi. Akakwera kumapiri, chuma chimenechi chimamuthera m'manja. Zimakhala ngati mayi wogulitsa nyemba pamsika amene wadzuka n'kupeza kuti mbale yake yoyezera yakula usiku, ndiponso kuti kakulidwe kake m'mawa n'kosiyana ndi ka masana.

Mpweya wopepuka

Mpira wa gofu ndi kanthu kakang'ono. Malamulo amati usalemere kupitirira magalamu 45.93 ndipo usachepere mamilimita 42.67 m'mimba mwake. Pakhungu pake pali timaenje tosaya, kawirikawiri pakati pa 300 ndi 400. Ndodo ikaumenya, mpirawo umachoka ukuzungulira chobwerera m'mbuyo maulendo masauzande angapo pa mphindi imodzi, ndipo mpweya umaugwirira ntchito ziwiri nthawi imodzi. Yoyamba ndi kuubweza, monga mmene mphepo imakankhira pachifuwa munthu wopalasa njinga. Yachiwiri ndi kuunyamula: kuzungulira kuja, mothandizidwa ndi timaenje tija, kumachititsa kuti mpweya uukankhire m'mwamba, n'chifukwa chake mpira womenyedwa bwino umaoneka ukukwerabe pamene mwala ukanakhala utayamba kale kugwa.

Pa mamita 1,900 mpweya umakhala wopepuka ndi gawo pafupifupi limodzi mwa magawo asanu ndi limodzi poyerekeza ndi wa m'mphepete mwa nyanja yamchere. Ntchito ziwiri zija zimachepa pamodzi. Popeza chobweza chachepa, mpira umapita patali, ndipo osewera ambiri amawerengera kuti mtunda umawonjezeka ndi 7 mpaka 10 peresenti. Koma popeza chonyamula nachonso chachepa, mpirawo sukwera m'mwamba monga mwa masiku onse. Umauluka chogona, n'kutera mopendekeka, ndipo m'malo moluma udzu wa pa green n'kuima, umadumpha n'kumapita. Wosewera amapatsidwa mtunda ndi dzanja limodzi, kwinaku dzanja lina likumulanda mphamvu yoimitsa mpira pamene akufuna.

Chinanso n'chakuti mphatso ya mtundayi sigawidwa mofanana. Amene amamenya mwamphamvu ndi kukweza mpira m'mwamba kwambiri amapindula zedi, chifukwa mpira wake umakhala nthawi yaitali mu mpweya wopepukawo. Wachikulire amene amamenya mpira wotsika amangopeza mayadi ochepa. Ndodo zazitali zimawonjezera mtunda wambiri, zazifupi pang'ono, ndipo mpira wongogubuduza pa green sukhudzidwa n'komwe. Kutentha nakonso kumalowererapo, pakuti mpweya wotentha umapepukirapo. Ku Colorado m'mawa wa chilimwe umatha kukhala wozizira mofuna juzi, masana dzuwa n'kuswa mtengo, ndiye ndodo yomwe inakwanira ndendende cha m'ma 8 koloko m'mawa imapyola green cha m'ma 2 koloko masana.

Ngakhale kukhota kwa mpira kumasintha. Wophunzira amene mpira wake umakonda kupatukira kumanja amasangalala kumapiri, chifukwa mpweya wochepa sungathe kuukokera kumbali kwambiri. Koma katswiri amene akufuna kuukhotetsa dala kuti uzungulire mtengo amapeza kuti ukungopita chowongoka, kulunjika ku mtengo womwewo.

N'chifukwa chake pa bwalo ngati ili munthu wofunika kwambiri ndi caddie, wonyamula chikwama cha ndodo amene amakhalanso mlangizi. Tayerekezani mlendo ataima pakati pa fairway, mbendera ikuoneka pamwamba pa chitunda. Caddie amatsitsa chikwama, n'kuyang'ana kabuku kake ka miyeso, kenako nsonga za mitengo kuti aone kumene mphepo ikulowera, chifukwa pansi pano mitengo yaitchinga. Akatero amalankhula motsitsa mawu: "Bwana, kukafika pa mbendera ndi 190. Chitundachi chikuwonjezera 10, ndiye 200. Mpweya ukuchotsa 20, tatsala ndi 180. Kamphepo kakuchokera kumaso, ikanipo 5. Menyani ngati 185, koma musapyole mbendera, kuseri kwake n'kotsetsereka." Masamu onsewa abwerera pafupi ndi pomwe anayambira. Koma dzenje lotsatira likakhala la mayadi 190 omwewo motsetsereka, mphepo ili kumbuyo, yankho limatsika mpaka cha m'ma 160, ndipo kusiyana kumeneku ndi kwa ndodo ziwiri kapena zitatu. Mlendo amayang'ana ndodo yaifupi imene wapatsidwa, n'kuyang'ana mbendera ili kutali uko, mtima n'kukana. Ambiri amalephera pamenepa. Amavomera ndodoyo ndi pakamwa, koma pomenya amawonjezera mphamvu mosadziwa chifukwa diso silinakhulupirire, ndipo mpira umakagwera kuseri.

Osewera ena ali ndi njira yachidule imene imadziwika kwambiri ku Johannesburg, mzinda womwe uli pa mamita pafupifupi 1,750. Mita imodzi ndi yaitali kuposa yadi ndi 9 peresenti, pafupifupi chimodzimodzi ndi zomwe mpweya wa kumtunda umawonjezera. Choncho munthu wodziwa kuti ndodo yake imafika mayadi 170 kunyanja amangotenga kuti kumtunda ifika mamita 170, nambala osaisintha. Sindikuona chodabwitsa kuti pakati pa amene anapambanapo pa Castle Pines pali anthu awiri a ku South Africa okulira kumtunda: Ernie Els wa ku Johannesburg mu 2000, ndi Retief Goosen wa ku Polokwane mu 2005.

Diso ndi miyendo

Dzenje loyamba la Castle Pines limamuonetsa mlendo zonsezi asanatuluke n'thukuta. Ndi la par 5, ndipo kwa zaka zambiri linali la mayadi 644, lisanatalikitsidwe kufika 659. Tee yake ili pamwamba, pafupi ndi nyumba ya kalabu, ndipo fairway imatsetsereka kulowera kuchigwa, mapiri ali ndandanda kutsogolo. Mpira womenyedwa pamenepa umakhala m'malere nthawi yaitali modabwitsa, ndipo akatswiri amphamvu amatha kupyola mayadi 400 ndi kumenya kumodzi. Koma chotsika chimayenera kukweranso. Pakati pa malo otsikitsitsa ndi okwereratu a bwaloli pali kusiyana kwa mamita oposa 100, ndipo maenje omaliza amakwera chitunda kubwerera ku kalabu pamene miyendo yatopa kale. Wochokera kumalo otsika amapuma mwawefuwefu, pakuti mpweya uliwonse umene akukoka uli ndi okosijeni wochepa kuposa amene thupi lake linazolowera. Mpweyawo ndi woumanso, moti thukuta limauma lisanaoneke ndipo munthu amatha madzi m'thupi asanamve ludzu. Kupuma mothamanga n'koipa pa gofu, chifukwa manja ofunika kugubuduza mpira mtunda wa mita imodzi molunjika safuna mtima wogunda.

Pa green diso limanamizidwa mwa njira ina. Kuchigwa munthu amayeza kupendekeka kwa nthaka poyerekeza ndi mzere wowongoka wa kumene thambo lakumana ndi dziko. Kumapiri mzere umenewo palibe. Chilichonse chozungulira n'chopendekeka, ndiye malo otsetsereka pang'ono amatha kuoneka ngati okwera chifukwa ali pambali pa chitunda chachikulu. Pa bwalo la The Broadmoor ku Colorado Springs, kum'mwera kwa Castle Pines, alendo amauzidwa lamulo limodzi asanayambe: mpira umathawa phiri la Cheyenne, kaya diso likuti chiyani. Bwalo lililonse la kumapiri lili ndi chinsinsi chotere, ndipo amachisunga ndi anthu amene amaliyenda tsiku lililonse atasenza chikwama.

Mitengo

Paini amene timamudziwa ku Zomba, ku Dedza ndi ku Chikangawa ndi wobzalidwa, ndipo wambiri ndi wa mtundu wa Pinus patula wochokera ku Mexico. Amaima m'mizere mothithikana, pansi pake pali mdima. Paini wa ku Castle Pines ndi wina, wotchedwa ponderosa, ndipo kumeneko ndi kwawo. Mtengo umenewu umatha kukhala zaka mazana angapo. Ukakula khungwa lake limasanduka lofiirira chachikasu, logawikana m'zigamba zikuluzikulu, ndipo dzuwa likaliwomba limatulutsa kafungo kokoma konga ka vanila. Umazika muzu wautali wofunafuna madzi m'nthaka youma, ndipo ukamakula umataya nthambi zam'munsi. Nkhalango yake yachilengedwe imakhala yotakasuka, mitengo ili patalipatali, pakati pake pali udzu ndi zitsamba za mtundu wa oak zosatalika.

Kwa wosewera gofu zimenezi zili ndi tanthauzo lake. Mpira wolowa m'nkhalango yotere kawirikawiri umapezeka, ndipo malamulo a kuyambira 2019 amapereka mphindi zitatu zokha zoufunira. Ukapezeka, pamakhala kampata pakati pa mitengo kooneka ngati n'kotheka kudutsamo, ndipo kampata kameneka kawonongetsa anthu ambiri amene akanangotulutsira mpira pambali n'kupitiriza. Vuto lalikulu lili pansi. Masamba a ponderosa ndi aatali ngati singano zosokera matumba, ndipo akauma amayoyoka n'kuunjikana. Mpira umakhala pamwamba pa mulu umenewu, pansi pake pali mphako. Malamulo amalola kuchotsa masamba ouma ozungulira mpira, koma mpirawo ukasuntha pochotsapo, wosewera amalangidwa kumenya kumodzi. Ndiye mudzaona munthu wamkulu atagwada, akutola tsamba limodzilimodzi ndi zala ziwiri, akuyang'anitsitsa ngati tsamba lomwe wagwira lapita pansi pa mpira, chifukwa masambawa amalukana ndipo kukoka limodzi kuno kumagwedeza lina uko. Akaimirira, nsapato zimaterereka pa masambawo. Odziwa amapukusa mapazi mpaka afike pa dothi, saika ndodo pansi kuseri kwa mpira, ndipo amaonetsetsa kuti ndodo ikhudze mpira isanakhudze china chilichonse. Ikayamba kukhudza masamba imadutsa pansi pake, mpira n'kungodumpha mamita ochepa.

Nkhalango imeneyi inaleredwa ndi moto. Kalekale moto wa m'munsi unkadutsa kawirikawiri, n'kupsereza udzu ndi timitengo tating'ono, mitengo ikuluikulu n'kupulumuka chifukwa cha khungwa lake lochindikala. Kwa zaka pafupifupi 100 anthu a ku America ankazimitsa moto uliwonse, nkhalango zambiri zinathithikana, ndipo moto ukabuka masiku ano umakwera mpaka kunsonga. Mu June 2002 moto wotchedwa Hayman unatentha mahekitala oposa 55,000 kum'mwera chakumadzulo kwa Denver, kuphatikizapo mbali ina ya boma la Douglas momwe muli Castle Pines, ndipo unawononga nyumba 133. Aliyense womanga bwalo ndi nyumba m'nkhalango ya paini amakhala ndi ntchito yosatha yopatulira mitengo ndi kuchotsa zouma. Madzi nawo ndi nkhani. Dera la Denver limalandira mvula ndi chipale chofewa zosapitirira mamilimita 400 pa chaka, osafika theka la zimene Lilongwe imalandira, ndipo midzi yambiri ya m'boma la Douglas yakhala ikudalira madzi akuya a pansi pa nthaka amene sabwereramo msanga. Udzu wobiriwira wa bwalo la gofu m'dziko louma chotere sumera ndi mvula. Umathiriridwa, ndipo mabwalo ambiri a kumadzulo kwa America tsopano amathirira ndi madzi ogwiritsidwa kale ntchito m'matawuni amene ayeretsedwanso. Amene amakonda masewerawa ayenera kuvomereza kuti funso la anthu oyandikana nawo, lakuti madziwo akuchokera kuti, ndi funso loyenera.

Loto la Jack Vickers

Bwaloli linayamba ndi munthu mmodzi, Jack Vickers, mkulu wa bizinesi ya mafuta amene analinso membala wa Augusta National, kalabu yotchuka ya ku Georgia kumene kumachitikira mpikisano wa Masters. Iye anaona zitunda za painizi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, ndipo zinamutengera zaka zoposa khumi kuti agule malowo kwa eniake. Anaitana Jack Nicklaus, katswiri amene anapambana zikho zikuluzikulu 18, kuti ajambule bwalolo, ndipo linatsegulidwa mu 1981. Vickers ankafuna Augusta ya kumapiri, ndipo zambiri anatengera komweko: maiwe, maluwa obzalidwa m'mbali mwa maenje, majekete obiriwira a mamembala, ndi umembala wochita kuitanidwa. Chizindikiro cha kalabuyi ndi timbalame tiwiri totchedwa hummingbird, toyamwa timadzi ta m'maluwa. Chakumwa chake cha mkaka wosakaniza ndi ayisikilimu chinatchuka pakati pa akatswiri mpaka kumatchulidwa pa wailesi yakanema.

Munthu wamba sangaimbe foni n'kulipira kuti asewere pa bwalo lotere. Amalowa ngati mlendo wa membala, ndipo makhalidwe ake onse amawerengedwa pa dzina la womuitanayo. Amavala malaya a kolala opisira, chipewa amavula polowa m'nyumba, foni amaibisa, ndipo sachedwetsa amene ali m'mbuyo mwake. Chimene amalandira posinthana ndi zimenezi ndi bata. Pa bwalo la aliyense magulu amanyamuka motsatizana mphindi zochepa zilizonse, ndipo munthu amadikira pa tee iliyonse. Pa bwalo la eniake gulu limatha kuyenda maenje angapo osaona munthu wina, mitengo itatchinga dzenje lililonse kwa linzake, nthawi zina agwape akudya m'mphepete mwa fairway. Nyengo yake ndi yaifupi, chifukwa miyezi yozizira chipale chofewa chimakwirira udzu.

Vickers sanafune kuti bwalo lake lingobisika. Mu 1986 anayambitsa mpikisano wa The International, ndipo anaupatsa kawerengedwe kachilendo. M'malo mowerenga maulendo omenya, ankawerenga mapointi, motengera njira imene Dr Frank Stableford anayambitsa ku Britain koma ataisintha. Womaliza dzenje pa par sankapeza kanthu. Wochepetsa ndi kumodzi, zomwe amati birdie, ankapeza 2. Wochepetsa ndi kuwiri, eagle, ankapeza 5, ndipo wochepetsa ndi kutatu ankapeza 8. Wopyola par ndi kumodzi ankataya pointi imodzi yokha, wopyola ndi kuwiri kapena kuposa ankataya 3. Aliyense wodziwa masamu aona kuti njirayi imalipira wolimba mtima: birdie imodzi ndi kulakwitsa kumodzi zimasiya munthu ali ndi pointi, pamene wosamala amene wapeza par kawiri alibe kanthu. Ndikuona kuti panalibe kawerengedwe kena koyenera bwalo la kumapiri kuposa aka, chifukwa mpweya wopepuka umafikitsa akatswiri pa green ya par 5 ndi kumenya kuwiri kokha, ndipo funso loti ayese kapena asayese limabwera mobwerezabwereza.

Ken Green ndiye anapambana chaka choyamba. Pambuyo pake panabwera mayina ngati Greg Norman, José María Olazábal, Vijay Singh, komanso Davis Love III ndi Phil Mickelson amene anapambana kawiri aliyense. Koma tsiku limene anthu amalikumbukira kwambiri ndi lomaliza la mpikisano wa 2002. Rich Beem ankatsogola bwino ndipo anapeza eagle pa dzenje la 17, la par 5 lokwera chitunda pakati pa mitengo, moti zinkaoneka kuti nkhani yatha. Kumbuyo kwake kunali Steve Lowery. Pa dzenje la 15 Lowery anamenya mpira kuchokera pa fairway n'kulowa m'dzenje, mapointi 5. Atafika pa 17, kumenya kwake kwachiwiri, kochokera kutali pansi pa chitunda, kunakalowanso, mapointi 8 nthawi imodzi. Pa dzenje lomaliza anali ndi mpata wa birdie imene ikanamupatsa chikho, koma mpira unadutsa m'mphepete. Beem anapambana ndi mapointi 44 kwa 43, ndipo patangotha masabata awiri anakapambananso mpikisano wa PGA Championship, katswiri Tiger Woods ali pambuyo pake.

Mdani wa mpikisanowu chaka ndi chaka anali mphenzi. M'chilimwe mitambo imaunjikana pamwamba pa mapiri a Rocky cha kumasana n'kutsikira kuzitunda, ndipo lipenga lochenjeza likalira aliyense amayenera kusiya mpira pomwe uli n'kuthawira m'nyumba. Munthu woima pa chitunda, pafupi ndi mtengo wautali, atagwira ndodo yachitsulo, ali pamalo oipitsitsa. Retief Goosen ankazidziwa bwino zimenezi kuposa anzake onse, pakuti ali mnyamata anawombedwapo ndi mphenzi akusewera gofu kwawo, napulumuka.

The International inachitika komaliza mu 2006. Inasowa kampani yaikulu yoithandiza ndi ndalama, ndipo Tiger Woods, amene kupezeka kwake kunkakoka owonera pa wailesi yakanema, anangoseweramo kawiri. Kumayambiriro kwa 2007 mpikisanowo unathetsedwa, ndipo kwa zaka 18 anthu wamba a ku Colorado analibenso sabata ija imodzi pa chaka imene ankaloledwa kuyenda m'nkhalangomo. Vickers anamwalira mu 2018 akatswiri asanabwererenso pa bwalo lake.

Mpanda wa makalabu otere umandivuta mumtima. Ndikumvetsa kuti bata limene limakometsa malowa limabwera chifukwa choti anthu ndi ochepa, komanso kuti eniake amalipira okha ndalama zosamalira udzu ndi mitengo. Ndi zoonanso kuti ku America mabwalo pafupifupi atatu mwa anayi alionse ndi otsegukira aliyense, ndipo ena mwa iwo ali kumapiri komweko. Komabe ku Scotland, kumene masewerawa anakulira, bwalo lotchuka kuposa onse, Old Course ya ku St Andrews, lili pa malo a anthu onse. Aliyense wodziwa kusewera angathe kupempha mpata, ndipo Lamlungu gofu amaimitsidwa kuti anthu a m'tawuni aziyendamo ndi ana awo. Makalabu ambiri a eniake ku Britain amalandira alendo olipira masiku ena a sabata, ndipo sanagwe nazo. Kalabu ya kumapiri itatsegula chipata masiku owerengeka pa chaka, makamaka kwa achinyamata a m'deralo, nkhalango yake singachepe.

Pamene akatswiri anabwerera mu 2024, bwalo lalitali lija silinagonje. Keegan Bradley, amene analowa mu mpikisanowo ali wa nambala 50 pa anthu 50, anapambana atachepetsa par ndi 12 pa masiku anayi, kusiyana kumenya kumodzi kokha ndi Adam Scott, Sam Burns ndi Ludvig Åberg. Analandira madola 3.6 miliyoni. Phindu la mpikisano wa BMW Championship limapita ku thumba la Evans Scholars, limene kuyambira 1930 lakhala likulipirira maphunziro a ku yunivesite a achinyamata ogwira ntchito ya caddie ochokera m'mabanja osowa. Thumbali linayambitsidwa ndi Chick Evans, katswiri amene nayenso anayamba ndi kunyamula zikwama za ena. George Solich, wapampando wa Castle Pines amene anatsogolera ntchito yobweretsa mpikisanowu, ali mnyamata ankanyamula zikwama pa The Broadmoor pamodzi ndi mchimwene wake, ndipo onse awiri anaphunzira ku University of Colorado ndi ndalama za thumba lomweli.